MNYAMATA AMENE ANATHAMANGA NDI MWENDO UMODZI

Dziko la Neno ndilo dziko la mapiri ndi zigwa. Munthu wocokera ku Dambe kapena ku Matandani, pofuna kutsikira ku Lisungwi, adziwa kuti njira njaitali, ndi kuti zitunda zace zitopetsa ngakhale mnyamata wamphamvu. Ana ambiri a m'dzikomo ayenda mtunda waukuru m'mawa uli wonse kuti akafike ku sukulu, ndipo akacedwa athamanga, kuopa kuti belu lingalire iwo ali m'njira. Makolo ao anayenda koposa apo, pakuti asanafike magalimoto, makalata a boma ndi a misyoni ananyamulidwa ndi amuna oyenda pansi, opyola m'nkhalango za zirombo. Cotero anthu a ku Neno sasowa wakuwauza kuti ulendo ndi nchito ya miyendo iwiri. Koma kunali mnyamata wa sukulu ku dziko lakutali amene anathamanga masiku 143 ali nao mwendo umodzi wokha, ndipo cimene anathamangira cikhudza odwala a ku Neno omwe.

Pali liwiro lina limene anthu a maiko onse alicha marathon. Dzinali ndi la malo a m'dziko la Greece, pamene Agriki anagonjetsa ankhondo a ku Persia m'caka ca 490 Yesu asanabadwe. Mbiri yakale inena kuti mthenga wina anathamanga kucokera ku Marathon kukafika ku mudzi waukuru wa Athens, nanena mau a cigonjetso, nagwa pomwepo, namwalira. Anthu ophunzira akaika ngati zinaterodi, koma dzina linatsala. Utali wace wa liwiroli ndi makilomita 42 ndi kacigawo pamwamba, ndiwo mamailo 26. Munthu woyenda ndawala, osapumula konse, autsiriza mtunda wotere atatha maora asanu ndi atatu kapena kuposa. Amuna ndi akazi amphamvu akonzekera miyezi yambiri kuti authamange kamodzi, ndipo atatsiriza apumula masiku ambiri kuti miyendo ipole.

Mnyamata uja dzina lace ndiye Terry Fox. Anabadwa pa 28 July 1958 m'mudzi wa Winnipeg, m'dziko la Canada, kumpoto kwa America, nakulira ku Port Coquitlam, kufupi ndi nyanja yamcere ya Pacific. Atate wace anagwira nchito ya pa njanji, ndipo m'banjamo munali ana anai. Terry anakonda masewera a basketball, ndiwo mpira woponyera m'kaukonde kopacikidwa pamwamba. Mpira umenewu ufuna anthu atali, koma iye anali wamfupi, ndipo mphunzitsi wace anamlangiza kuti ayese masewera ena. Iye sanaleke. Caka coyamba analowa m'bwalo mphindi imodzi yokha, nakhala pambali masiku ena onse. Koma pofika caka cotsiriza ca sukuluyo analandira mphotho ya wopambana pa masewera, pamodzi ndi bwenzi lace Doug Alward. Mphunzitsi wina akadati limeneli ndi khama, wina akadati ndi liuma, ndipo onse awiri akadanena zoona.

Atatsiriza pamenepo analowa sukulu yaikuru ya Simon Fraser University, kukaphunzira za mayendedwe a thupi la munthu. Ali komweko bondo lace lamanja linayamba kupweteka. Anapirira miyezi ingapo, poyesa kuti ndi kubvulala kwa pa masewera. Koma m'mwezi wa March 1977 madotolo anapeza kuti m'pfupa muli khansa, ya mtundu wochedwa osteosarcoma. Anamdula mwendo pamwamba pa bondo, iye ali ndi zaka 18.

Kodi khansa nciani? Thupi la munthu limangidwa ndi tizigawo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene a cipatala aticha maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Koma njerwa izi nzamoyo: zibala zinzace, zikalamba, nizifa, ndipo zina zilowa m'malo mwace, zonse mwa dongosolo. Mwana akadziceka ndi mpeni, maselo acuruka kuti atseke bala, ndipo bala litatsekeka aleka. Khansa iyamba pamene maselo ena aonongeka m'kati mwao, nakana kuleka. Acuruka kosatha, napanga cotupa, nalanda cakudya ca maselo abwino. Ndipo coipa coposa ndi cakuti ena a iwo athothoka, nayenda ndi mwazi, nakamera kwina, ku mapapo kapena ku ciwindi. Afanana ndi namsongole, amene mlimi amzula pano, pamene mizu yace yayenda kale pansi, nikaphukira pa mzere wina. Khansa siiri nthenda imodzi. Mitundu yace ipitirira 100, ndipo mankhwala ociritsa mtundu wina saciritsa unzace. Siidza ndi ufiti, ndiponso munthu saitenga pa kudya mbale imodzi ndi wodwala kapena pa kumsambitsa.

Cifukwa ca mizu yobisika ija, kudula mwendo sikunakwanire. Terry analandiranso mankhwala amphamvu miyezi 16, mankhwala osanzitsa ndi othothola tsitsi. Pamenepo anaphunzira zinthu ziwiri zimene sanaziiwale. Coyamba anacimva kwa madotolo. Iwo anamuuza kuti mwa odwala nthenda yace theka anali kupulumuka. Koma zaka ziwiri zapitazo opulumuka anali 15 okha mwa 100, ndipo kusiyanaku kunadza cifukwa anthu ena anafufuza napeza mankhwala atsopano. Mnyamatayo anazindikira kuti mwai umene anali nao unagulidwa ndi nchito ya anthu amene sanawaone, ndi ndalama za anthu amene sanamdziwe. Caciwiri anaciona ndi maso ace m'cipatalamo: ana ndi akuru akubuula, ena akumwetulira molimba mtima, ena atataya ciyembekezo conse, ndi mabedi amene anakhala opanda munthu m'mawa. Anaturuka ali wocira, koma mtima wace unatsala komweko.

Usiku uja asanamdule, mphunzitsi wace wa masewera anamtengera nyuzipepala yosimba za Dick Traum, munthu wa mwendo umodzi amene anatsiriza marathon a ku New York. Terry anasunga nkhaniyo mumtima. Atalimba anayamba kuphunzira kuthamanga, usiku, pa bwalo la sukulu, kuti anthu asamuone akugwa. Mwendo wace wopanga unali wa citsulo ndi zina zopepuka, womangidwa m'ciuno ndi lamba. Unapangidwira kuyenda, si kuthamanga ai, ndipo unacedwa kubwerera kutsogolo. Cotero iye anadumpha kawiri ndi mwendo wamoyo, naponda kamodzi ndi wopangawo. Citsa ca mwendo cinacita matuza, nicikha mwazi. Anakonzekera miyezi 14, nathamanga makilomita oposa 5,000 ulendo weniweni usanayambe. M'caka ca 1979 analowa liwiro la makilomita 27 ku Prince George pamodzi ndi anthu a miyendo iwiri, nafika wotsiriza, koma anafika.

Pamenepo anauza amai wace cimene anafuna: kuthamanga dziko lonse la Canada, kucokera ku nyanja ya kum'mawa kukafika ku nyanja ya kumadzulo, mtunda wa makilomita ngati 8,000, ndi kupempha anthu a m'njira kuti apereke ndalama zofufuzira khansa. Amai wace, Betty Fox, anakwiya, monga akadakwiya mai ali yense amene mwana wace wangopulumuka kumene. Anamfunsa cifukwa cace sakanathamanga m'cigawo cao ca British Columbia cokha. Iye anayankha kuti odwala khansa sali m'cigawo cao mokha. Analemba kalata ku bungwe la Canadian Cancer Society kupempha cithandizo. A Ford anapereka galimoto logonamo, a Adidas anapereka nsapato. Koma ali yense wofuna kumlipira kuti achukitse malonda ace anamkana, pakuti anatsimikiza mtima kuti iye mwini asapindule nayo ndalama ndi imodzi yomwe.

Pa 12 April 1980, ku St. John's pa cisumbu ca Newfoundland, anabviika mwendo wace wopanga m'nyanja ya Atlantic, natunga madzi a m'nyanjamo m'botolo kuti akawathire m'nyanja ya Pacific. Ulendowo anaucha Marathon of Hope, ndiko kunena liwiro la ciyembekezo. Doug Alward anayendetsa galimoto, naphika, nayesa mtunda. Tsiku ndi tsiku Terry anadzuka mbandakuca, nathamanga pafupifupi marathon amodzi amphumphu, napumula pang'ono pakati. Ndipo madzulo, atatopa, anaima m'masukulu ndi m'nyumba za misonkhano kulankhula ndi anthu. Pomwe analekezera dzulo anaikapo cizindikiro, kuti m'mawa ayambire pomwepo, lingatsale phazi limodzi losapondedwa.

Masiku oyamba anali owawa. Kunali mphepo yamkuntho, mvula, ndi cisanu cotere cimene sicioneka ngakhale ku mapiri a Tsangano m'mwezi wa June. Anthu anali owerengeka, ndi zopereka zao zinali zazing'ono. Anyamata awiriwo, potopa ndi kukhala m'kagalimoto kamodzi, anakangana kufikira analeka kulankhulana, ndipo anacita kuitana Darrell, mphwace wa Terry, wa zaka 17, kuti akhale pakati pao. Koma pa mudzi wa Port aux Basques panacitika cinthu cimene cinasintha maganizo ace. Anthu a kumeneko, okwana ngati 10,000, anasonkha madola oposa 10,000. Terry anawerenga mumtima, naona kuti ndiyo dola imodzi pa munthu mmodzi. Ndipo popeza anthu a m'Canada anali 24 miliyoni, anayamba kupempha cotero: munthu ali yense dola imodzi. Nzeru yomweyi aidziwa anthu a m'midzi, amene amanga chalichi kapena sukulu pobwera yense ndi njerwa zace.

M'cigawo ca Quebec, kumene anthu alankhula Cifransa, cimene anyamatawo sanacidziwe, ambiri sanamve kuti mlendo wotsimphinayo afuna ciani, ndipo oyendetsa magalimoto ena anamkankhira kunja kwa mseu. Koma panali munthu wolemera, mwini mahotela, dzina lace Isadore Sharp, amene mwana wace wamwamuna anamwalira ndi khansa m'caka ca 1978. Iyeyu analonjeza madola awiri pa mailo iri yonse, napempha eni malonda anzace kuti acite comweco. Polowa m'cigawo ca Ontario mbiri inali itawanda. Apolisi anamperekeza, ana a sukulu anandanda m'mbali mwa mseu, ndipo ku Toronto anthu ngati 10,000 anasonkhana kumlandira. Madotolo anamcenjeza kuti apumule ndi kupimidwa. Iye anakana kawirikawiri, nathamanga ngakhale tsiku lokumbukira kubadwa kwace. Ngati kukanaku kunali nzeru, nkobvuta kunena. Liuma lomwe linamfikitsa patali ndilo linamtseka makutu.

Pa 1 September 1980, kufupi ndi mudzi wa Thunder Bay, anayamba kutsokomola kolimba, namva kupweteka m'cifuwa. Popeza anthu anali m'mbali mwa mseu akumpfuulira, anathamangabe mpaka anawapitirira onse. Pamenepo analowa m'galimoto, napempha Doug kuti apite naye ku cipatala. Namsongole uja anali ataphukira m'mapapo. Anali atathamanga masiku 143 ndi makilomita 5,373. Ulendo wocokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, wodzera pa mlatho wa Zalewa, uli makilomita ngati 310. Ndiye kuti mnyamatayo anathamanga mtunda wolingana ndi maulendo otere 17.

Tsiku limene analeka, ndalama zinali zitakwana madola 1.7 miliyoni. Patapita sabata imodzi a wailesi ya kanema anaitana dziko lonse kuti lipereke, ndipo usiku umodzi wokha zinasonkhedwa zoposa madola 10 miliyoni. Boma linampatsa ulemu wa Companion of the Order of Canada, iye ali wamng'ono koposa onse amene anaulandira. Pofika February 1981 zopereka zinapitirira madola 24 miliyoni: dola imodzi pa munthu ali yense, monga anapempha. Terry anakhala ndi moyo kufikira anamva mau amenewa. Anamwalira pa 28 June 1981, utatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 23, ndipo mbendera za dziko lonse zinatsitsidwa. Pa 13 September caka comweco anthu oposa 300,000 anathamanga ndi kuyenda m'dzina lace. Ndipo kuyambira pamenepo liwiro la Terry Fox licitika caka ndi caka, m'masukulu a m'Canada ndi m'maiko ena ambiri. Pofika caka ca 2022 zinali zitasonkhedwa ndalama zoposa madola 850 miliyoni.

Tsono ndalama zonsezi sizinagule cakudya ca odwala, kapena kulipira ngongole zao. Zinapita ku nchito yofufuza: kulipira anthu ophunzira amene akhala zaka zambiri akuyang'ana maselo m'magalasi okuza zinthu, kugula zipangizo zao, ndi kuyesa mankhwala atsopano mosamala, kuti cidziwike comwe ciciritsa ndi comwe cingopweteka. Ndi nchito yocedwa, yonga kubzala mtengo wa malalanje, umene wobzala authirira zaka zingapo asanalawe cipatso. Ndipo mitengo yambiri ya m'munda umenewu iuma osabala. Koma ina ibala. Lero mwa ana ogwidwa ndi khansa ya m'pfupa yonga ya Terry, ikapezeka isanafalikire ndipo mankhwala alipo, ocira ndiwo ambiri, ndipo ambiri a iwo sadulidwa mwendo.

Dziko la Malawi lomwe linathandizapo pa nchito yotere. M'caka ca 1958, caka comwe Terry anabadwa, dotolo wina wa ku Ireland wogwira nchito ku Uganda, dzina lace Denis Burkitt, analemba za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Iyenso anali wolemala, pakuti anataya diso limodzi ali mwana. Pofuna kudziwa kumene nthendayo ipezeka, ananyamuka m'caka ca 1961 ndi madotolo anzace awiri pa galimoto lakale, ndi ndalama pang'ono, nayenda makilomita ngati 16,000, nacezera zipatala zoposa 50 za boma ndi za misyoni, ndi za ku Nyasaland zomwe. Pali ponse anaonetsa zithunzi, nafunsa ngati ana otere anaonekako. Anapeza kuti nthendayo icuruka ku malo otsika, otentha ndi a mvula, kumene malungo ali ambiri, ndi kuti isowa ku mapiri ozizira. Mwana wa ku Neno angamve bwino kusiyanaku, pakuti dziko lace liri nazo zonse ziwiri, mphepo ya ku Dambe ndi kutentha kwa ku Lisungwi. Zotupa zimene Burkitt anatumiza ku London zinathandiza ofufuza ena kupeza, m'caka ca 1964, kacirombo koyamba kodziwika kuti kathandiza kuyambitsa khansa mwa munthu. Nthendayo tsopano ichedwa ndi dzina lace la Burkitt. Ikula msanga, koma imvanso mankhwala msanga, ndipo ana ambiri anaciritsidwa ku cipatala cacikuru ca Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ku Neno kwenikweni, bungwe la Partners In Health, limene anthu alicha Abwenzi Pa Za Umoyo, linafika m'caka ca 2007 kudzagwira nchito pamodzi ndi boma, nilithandiza kumanga cipatala ca pa boma la Neno ndi ca ku Lisungwi. Masiku amenewo anthu ambiri okhala ndi kacirombo ka HIV anali kudwala khansa ya Kaposi, yocita mawanga akuda pa khungu ndi kutupitsa miyendo. Ambiri anayesa kuti mankhwala a khansa sangaperekedwe ku cipatala ca kumudzi, kutali ndi mseu wa phula. A ku Neno anawapereka pamodzi ndi mankhwala a HIV, nalemba bwino za wodwala ali yense, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2015, kuti zipatala za maiko ena ziphunzirepo. Kumenekonso ndiko kufufuza, ngakhale kunacitikira pakati pa mapiri.

Khansa imene ipha akazi ambiri m'Malawi ndiyo ya khomo la ciberekero, ndipo maiko oposa Malawi pa nthendayi ndi owerengeka. Kale panalibe wodziwa ciyambi cace. Dotolo wa ku Germany, Harald zur Hausen, anakhulupirira kuti idza ndi kacirombo kochedwa HPV, ndipo anzace ambiri anamkaikira. Koma m'zaka za 1983 ndi 1984 anapeza mitundu iwiri ya kaciromboko m'zotupa za odwala. Ofufuza ena, monga Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Australia, anapitiriza pamene iye analekezera, ndipo katemera woteteza anaturuka m'caka ca 2006. Kwa amai amene anakula katemerayo asanadze, anamwino ali nayo njira yopima ndi viniga, imene ionetsa malo odwala asanasanduke khansa, kuti aciritsidwe msanga. Kwa ana, boma la Malawi linayamba kupereka katemerayo m'dziko lonse m'mwezi wa January 2019; ndipo asungwana a zaka 9, a ku Neno pamodzi ndi a maboma ena onse, anaitanidwa kudzandanda ndi kupinda mkono wa malaya, zitapita zaka 36 cipezere zur Hausen kacirombo kaja.